Liwiro la mumchenga: njinga zopanda mabuleki ndi mwendo wa mng'ono wanga

Mufoni mwanga muli kavidiyo ka masekondi 47 kamene ndikulephera kukafufuta. Ndinakajambula ndekha Lamulungu lina mu Okutobala, padambo lina kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kwathu kwa Ngokwe m'boma la Machinga. Kakayamba mumamva anthu akukuwa ndi kuimba malikhweru, kenako njinga zamoto zisanu zikudzambatuka m'fumbi. Mawu amene akumveka kwambiri akuti, "Ipatse moto! Ipatse moto, iwe!" ndi anga. Kumapeto simuonanso njinga, mumangoona udzu ndi mapazi, chifukwa ndinali nditayamba kuthamanga foni ili m'manja.

Amene ndinkamuuza kuti aipatse moto ndi mng'ono wanga, wa zaka 19. Ndi wakabaza. Njinga imene ankakwera si yake, ndi ya bwana wina amene amalandira tageti yake madzulo alionse. Ine ndimagwira ntchito mushopu ya zipangizo za mafoni ku Balaka, ndipo sabata imeneyo ndinapita kumudzi kukaona amayi.

M'chilimwe madzi a Chiuta akabwerera, amasiya malo a tetete, ouma gwa, oti ukawaona umangofuna kuthamangapo. Anyamata a kabaza anawaona kalekale. Makasitomala akachepa masana, amaika zigubu ziwiri motalikirana, aliyense n'kuponya kangachepe m'chipewa, wopambana n'kutenga zonse. Tsikulo mng'ono wanga anandikodola.

"Achimwene, jambulani. Muone mmene ndiwasambitsire fumbi."

Anali atavala mapatapata ndi kabudula. Chipewa chodzitetezera anachisiya pansi pa mtengo, amati chimamulemera. Pozungulira chigubu kachitatu, tayala lakutsogolo linalowa m'mapazi a ng'ombe amene anauma ngati njerwa. Anagwa, ndipo mnzake amene ankamutsatira pafupi, m'fumbi losaona kutsogolo, anamuponda pantchafu. Fupa linamveka kuthyoka ngati nkhuni.

Panalibe galimoto. Tinamukweza panjinga ina, pakati pa woyendetsa ndi ine, mwendo titaumangirira ku nsungwi ndi chitenje cha mayi wina. Kuchipatala chaching'ono anamubaya jakisoni wopha ululu n'kutitumiza ku chachikulu. Tinakafika usiku.

Amisala anzathu a ku Ulaya

Anakhala m'chipatala masabata angapo, mwendo uli chokokedwa ndi zitsulo. Ine ndinali gadiyani. Amene munakhalapo gadiyani mukudziwa kuti usiku wa m'chipatala sutha msanga, ndipo bandulo ndiye bwenzi lako. Tsiku lina ndikungoyendetsa chala pa YouTube, panabwera vidiyo ya amuna anayi pa njinga zoonda, akukhota pakona cham'mbali, tayala lakumbuyo likumwaza dothi, phazi lakumanzere likukhwekhwereza pansi. Anthu m'bwalo anali pikitipikiti ngati tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers.

Ndinamuonetsa mng'ono wanga. Anaonera kawiri, kenako anaseka koyamba chigonekedwereni.

"Awa ndiye amisala kuposa ife, achimwene. Onani, alibe ndi mabuleki omwe!"

Sananame. Masewerawo dzina lake ndi speedway, ndipo njinga zake zilibedi mabuleki. Usiku umenewo ndi masiku otsatira ndinawerenga chilichonse chimene ndinapeza. Ndinkayembekezera kupeza misala. Ndinapeza malamulo, ochuluka kuposa a mpira.

Njinga ya speedway ili ndi injini ya 500cc ya silinda imodzi, pamene njinga zambiri za kabaza zimathera pa 125 kapena 150. Simwa petulo, imamwa sipiriti wotchedwa methanol. Giya ndi imodzi yokha, ndipo lamulo limati njingayo isapepuke kuposa makilogalamu 77. Pamalo owongoka imapitirira makilomita 110 pa ola. Wokwera akafuna kuchepetsa liwiro amabweza moto n'kuiponya njingayo cham'mbali kuti iterereke. Kuphazi lakumanzere amavala nsapato yachitsulo.

Bwalo lake ndi lozungulira ngati dzira, kutalika kwake pakati pa mamita 260 ndi 425, ndipo pansi pake amathira miyala yopera. Amathamanga anthu anayi okha nthawi imodzi, kuzungulira kanayi, zonse n'kutha pa mphindi imodzi. Woyamba amapeza mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, wotsiriza amapita chimanjamanja. M'masewera a ligi, timu iliyonse imatumiza anthu awiri pa ulendo uliwonse, ndipo maulendowo amakhala 15. Mapointi onse pamodzi ndi 90, choncho timu imene yafika 46 yapambana.

Koma zimene zinandikhudza ndi zina. Poyambira amamanga zingwe, ndipo amene wazigunda zisanakwezedwe amalangidwa. Akuluakulu athu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma kumeneko mwambiwu ndi lamulo lokhala ndi woimbira wake. Wokwera aliyense amamanga kachingwe padzanja kolumikiza ku injini, kuti akagwa, injini izime yokha. M'makona amaikamo mpanda wopopa mpweya ngati matiresi. Munthu akagwa poopsa, woimbira amayatsa magetsi ofiira ndipo onse amaima. Pakati pa maulendo, thirakitala imasalaza bwalo ndipo amawazapo madzi kuti fumbi lichepe. Dokotala ndi ambulansi zikapanda kufika, masewera sayamba.

Ndinawerenga zimenezi nditakhala pansi m'mbali mwa bedi, n'kumawerengera pa zala. Mapazi a ng'ombe, thirakitala ikanawafafaniza. Fumbi, madzi akanaliletsa. Njinga zisanu pamalo opanikizika, woimbira akanakana. Nsungwi ndi chitenje, ambulansi ikanalowa m'malo mwake. Chilichonse chimene chinathyola mwendo wa mng'ono wanga, anthu ena anachiganizira kale n'kuchiikira lamulo.

Ku Poland, kumene tauni yonse ndi timu

Masewerawa anayambira kutali. Ambiri amaloza mpikisano umene unachitika ku West Maitland m'dziko la Australia mu Disembala 1923, wokonzedwa ndi Johnnie Hoskins. Mu February 1928 anafika ku England, pamalo otchedwa High Beech, ndipo mu 1936 kunachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse pa bwalo la Wembley ku London, umene anapambana ndi Lionel Van Praag wa ku Australia. Kuyambira 1995, katswiri wa dziko lonse amapezeka kudzera m'mipikisano ingapo ya pachaka yotchedwa Speedway Grand Prix.

Lero likulu la masewerawa ndi Poland. Kumeneko amawatcha żużel, mawu otanthauza zotsalira za malasha akapsa, chifukwa ndi zimene ankathira m'mabwalo akale, okwera n'kumatuluka ali bii. Ligi yawo yaikulu, PGE Ekstraliga, ili ndi matimu 8, ndipo ndi imene imalipira bwino kuposa ina iliyonse padziko. Pansi pake pali maligi ena awiri, matimu amakwera ndi kutsika ngati mmene zimakhalira mu Super League yathu. Masewera amaonetsedwa pa kanema wa Canal+, ndipo mabwalo amadzaza ndi anthu masauzande sabata ndi sabata. Grand Prix ikachitikira pa bwalo lalikulu la ku Warsaw, anthu oonera ankafika cha m'ma 50,000.

Chodabwitsa n'chakuti matimu amphamvu sali mumzinda waukuluwo. Ali m'matauni monga Leszno, Gorzów, Toruń, Zielona Góra, Częstochowa ndi Lublin. Leszno ndi tauni yaing'ono, koma timu yake, Unia Leszno, inatenga ligi zaka zinayi zotsatizana kuyambira 2017 mpaka 2020. Kenako Motor Lublin inatenga mu 2022, 2023 ndi 2024. Katswiri wawo wamkulu, Bartosz Zmarzlik, anabadwa mu 1995, anakulira m'kalabu ya Stal Gorzów, ndipo watenga chikho cha dziko lonse ka 6: mu 2019, 2020, 2022, 2023, 2024 ndi 2025. Chomalizachi anachitenga atamuposa Brady Kurtz wa ku Australia ndi pointi imodzi yokha. M'mbiri yonse, ena amene anafika pa 6 ndi awiri basi, Ivan Mauger wa ku New Zealand ndi Tony Rickardsson wa ku Sweden.

N'chifukwa chiyani ku Poland zikuyenda? Ndinapeza zifukwa ziwiri. Choyamba, mabwalo ambiri ndi a makhonsolo a mizinda. Bwalo la Motoarena ku Toruń, lokwana anthu oposa 15,000, linatsegulidwa mu 2009 ndipo linamangidwa ndi mzindawo. Timu siigona ndi nkhawa yoti mawa landilodi aithamangitsa. Chachiwiri, ligi imakakamiza makalabu kulera ana. Timu iliyonse iyenera kukhala ndi okwera awiri osapitirira zaka 21 pa masewera alionse. Ana amayamba ndi tinjinga ting'onoting'ono pa timabwalo tawo, amaphunzitsidwa zaka, ndipo palibe amene amaloledwa kulowa m'bwalo lalikulu asanakhoze mayeso a laisensi.

Sikuti kulibe mavuto. Kulimbirana akatswiri kwakweza malipiro mpaka makalabu ena amira m'ngongole, n'kumadalira khonsolo kuti iwawombole. Komanso ndalama za ku Poland zafooketsa maligi ena. Wokwera wotchuka angathe kuthamanga ku Poland Lachisanu kapena Lamulungu, ku England Lolemba kapena Lachinayi, ku Sweden Lachiwiri, ku Denmark Lachitatu, moyo wake wonse uli m'ndege ndi m'galimoto. Masiku akawombana, aliyense amadziwa kumene apite: kumene kuli chikwama chonenepa.

Ku England, kumene mabwalo akutha

Nkhani ya ku England ndi yomvetsa chisoni. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, speedway inkadzaza mabwalo akuluakulu, ndipo mzinda wa London wokha unali ndi matimu angapo. Mu 1981, pamene mpikisano wa dziko lonse unachitika komaliza pa Wembley, anthu oposa 90,000 anaonerera Bruce Penhall wa ku America akupambana. Lero mu London mulibe timu ndi imodzi yomwe, ndipo mu 2025 ligi yawo yaikulu, SGB Premiership, inali ndi matimu 7 okha.

Chimene chapha matimu ambiri si kusowa luso. Ndi lendi. Makalabu ochuluka ankachita lendi m'mabwalo a eni ake, ambiri mwa iwo a mpikisano wa agalu. Malo atakwera mtengo, eni ake anaona kuti kumanga nyumba kuli ndi phindu kuposa phokoso la njinga. Coventry Bees, imodzi mwa matimu otchuka, inataya bwalo lake la Brandon kumapeto kwa 2016, ndipo bwalolo linasanduka bwinja. Swindon Robins inatenga ligi mu 2019, ndipo chimenecho chinakhala chaka chake chomaliza kuthamanga. Peterborough Panthers inatenga ligi mu 2021, koma pofika kumapeto kwa 2023 inalibe pothamangira. Chaka chomwecho Wolverhampton Wolves inauzidwa kuti bwalo la Monmore Green likhala la agalu okhaokha. Mu 2025 Birmingham Brummies nayo inatsanzikana ndi bwalo la Perry Barr.

Tangoganizani timu imene yangotenga Super League ikuuzidwa kuti chaka chamawa pa bwalo lake pamangidwa nyumba. Kumeneko zachitika, osati kamodzi.

Imene yaima bwinoko ndi Belle Vue Aces ya ku Manchester, imene ili ndi bwalo lomangidwira speedway, lotsegulidwa mu 2016 mothandizidwa ndi khonsolo ya mzindawo. Inatenga ligi mu 2022 ndi 2024, ndipo mu 2025 Grand Prix ya ku Britain inasamukira komweko kuchoka ku Cardiff. Phunziro lake ndi lomwe lija la ku Toruń: amene ali ndi pake amakhala, wa lendi amasamuka.

Ngakhale kuno ku Africa masewerawa anafikako. Ku Johannesburg kunali bwalo lotchedwanso Wembley, ndipo Henry Long wa ku South Africa anafika mu mpikisano womaliza wa dziko lonse mu 1952. M'zaka za m'ma 1970, ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndi ku Bulawayo kunali matimu opikisana, ndipo Mike Ferreira wa ku Zimbabwe anakatchuka ku England ndi timu ya Canterbury. Imeneyi ndi mizinda imene agogo athu ambiri a ku Machinga ndi Balaka ankagwirako ntchito. Lero zonsezo zinazilala, kwatsala anthu ochepa okonda masewerawa amene amathamanga ku Walkerville, kumwera kwa Johannesburg. Ligi ikatha, luso limatha nayo.

Malamulo saletsa imfa, amaichepetsa

Ndisakunamizeni kuti speedway ndi masewera a ana. Lee Richardson wa ku England anamwalira mu May 2012 atagwa pa bwalo la ku Wrocław. Darcy Ward wa ku Australia, amene ambiri ankati adzakhala katswiri wa dziko lonse, anavulala msana ku Zielona Góra mu Ogasiti 2015 ali ndi zaka 23, ndipo kuyambira pamenepo amayendera njinga ya olumala. Tai Woffinden, amene anatenga chikho cha dziko lonse katatu, anagwa moopsa ku Krosno mu Malichi 2025, mpaka madokotala anamugoneka tulo tamankhwala kwa masiku angapo kuti apulumutse moyo wake.

Onsewa anavulala atavala zodzitetezera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, dokotala ali pomwepo. Ndiye taganizirani mnyamata wa mapatapata padambo la ng'ombe, chipatala chokhoza kulumikiza fupa chili ulendo wa maola. Mng'ono wanga ankati a ku Poland ndi amisala kuposa ife. Nditamaliza kuwerenga ndinamuuza kuti ayi, iwowo njinga zawo ndi zimene zilibe mabuleki, koma masewera awo ali nawo. Ife njinga zili ndi mabuleki, koma zochita zathu zilibe.

Anangoti duu, n'kuyang'ana kudenga.

M'wodi imene anagonamo sanali yekha. Mabedi angapo anali a ovulala pa njinga zamoto, ena oyendetsa, ena okwera, wina mayi amene anangowombedwa akuchokera kumsika. Ambiri sanali pa mpikisano wa zigubu. Koma wakabaza aliyense ali pa mpikisano tsiku lililonse, wolimbirana kasitomala, wothamangira tageti ya bwana dzuwa lisanalowe. Lamulo la dziko lino limafuna laisensi, chipewa, nambala ndi inshulansi, ndipo nthambi ya boma yoona za pamsewu pamodzi ndi bungwe la a kabaza la Macokasa akhala akulankhula zimenezi. Koma kwathu kuno, kumene njinga zambiri zimalowa kuchokera ku Mozambique, mnyamata amaphunzira Loweruka pabwalo la mpira, Lolemba n'kunyamula mayi ndi mwana kumbuyo.

Sindikuwanyoza. Popanda kabaza, Chiuta siyenda. Ndi iwo amene amatulutsa makumba ndi milamba kuchoka kudoko kupita ku Nselema ndi Ntaja isanaonongeke. Ndi iwo amene amanyamula matumba a mpunga, amathamangitsa mayi woyembekezera usiku, amafikitsa munthu ku Nayuchi kuti akapeze sitima. M'dzinja, msewu ukasanduka phala, galimoto zimabwerera koma njinga imadutsa. Ndipo luso ali nalo. Munthu woyendetsa njinga mumchenga wa kwathu atanyamula anthu awiri ndi dengu la nsomba amadziwa kuterereka kwa tayala kuposa mmene buku lingamuphunzitsire.

Zimene amalume anandikumbutsa

Titatuluka m'chipatala, ndinakhala pakhonde ndi amalume, amene akhala akupha nsomba pa Chiuta kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinawaonetsa vidiyo ya ku Poland n'kuwafotokozera za malamulo aja. Kenako ndinadandaula kuti kuno zotere sizingatheke, chifukwa tilibe khonsolo yolemera, tilibe Canal+, tilibe ambulansi yongodikirira masewera.

Amalume anaseka, n'kupitiriza kusoka ukonde wawo.

"Mphwanga, nkacha anaithamangitsa ndani panyanja pano? Anachokera ku Poland?"

Nkhaniyi ndinkaimva ndili mwana koma sindinkaiganizira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa Chiuta panadzaza asodzi obwera ndi makoka a nkacha. Makokawo ankakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ankang'amba matchera a eni dera, ndiponso ankavundula madzi amene anthu amamwa. Pakati pa zaka zimenezo, asodzi a kuno anakhala pansi okha, anapanga makomiti a m'madoko, anagwirizana kuti nkacha isaponyedwenso, ndipo anaichotsa. Boma, kudzera ku nthambi ya za usodzi, linabwera pambuyo kudzavomereza zimene anthu anali atayamba kale. Mpaka lero akatswiri a za usodzi amatchula Chiuta ngati chitsanzo cha anthu amene anadziikira malamulo osadikira kuuzidwa. Sikuti zonse zinatha bwino, chifukwa nyanjayi tikugawana ndi anzathu a ku Mozambique ndipo mikangano siinathe. Koma lamulolo linagwira.

"Ife tinalibe ndalama," anatero amalume. "Tinali ndi kumvana basi. Wophwanya lamulo tinkamudziwa dzina, ndi kwawo komwe. Nanga anyamata anuwa sadziwana?"

Amadziwana, inde. Siteji iliyonse ya kabaza ili ndi tcheyamani wake, msungichuma wake, ndi kabuku kolembamo zopereka. Mlendo sangangofika n'kuyamba kunyamula anthu. Mnzawo akamwalira, njinga zimandandalika ulendo wa kumanda, mahutala ali pii. Dongosolo lilipo kale. Kungoti limagwira ntchito pa maliro kuposa pa kupewa malirowo.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene ndinkaona m'mavidiyo aja. Ligi si ndalama poyamba. Ligi ndi anthu amene agwirizana kuti pali zinthu zimene sadzalola, ngakhale wina alire. Ndalama, makamera ndi mabwalo zimabwera pambuyo. Ku Poland anagwirizana za bwalo ndi za ana, ndipo masewera akukula. Ku England luso linalipo, anthu okonda analipo, koma pansi pamene ankapondapo panali pa eni ake, ndipo akutha.

Sindikunena kuti pa Chiuta pamangidwe bwalo la speedway. Njinga ya kabaza si ya mpikisano, ndi khasu la banja, ndipo nthawi zambiri khasulo ndi lobwereka. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanati zigubu zija zichotsedwe basi. Koma ndinakhalapo mnyamata, ndipo ndikudziwa kuti dambo likauma chaka chamawa, wina adzaikanso zigubu. Choncho ndinapita kwa tcheyamani wa siteji ya mng'ono wanga, bambo wachikulire amene anayamba ndi kabaza wa njinga yakapalasa.

"Bambo, ndabwera ndi pempho," ndinatero. "Pa malamulo a ku Ulaya aja, alipo ena osafuna ndalama."

Ndinawatchulira. Wopanda chipewa ndi nsapato zotseka asaime pasiteji. Mnyamata watsopano ayende kaye ndi wamkulu masabata angapo asanayambe kunyamula anthu. Wothamangitsana ndi mnzake atanyamula kasitomala apumitsidwe masiku, ngati mmene woimbira amatulutsira munthu m'bwalo. M'kabuku ka zopereka mukhale tsamba la ovulala, osati la maliro lokha, ndiponso la kuthandizana kupeza laisensi mmodzimmodzi. Ndipo manambala a foni a anthu a galimoto apafupi akhale m'foni ya aliyense.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa funso limene ndinkaliopa.

"Tsiku lija inu munali kuti, achimwene?"

"Ndinali pomwepo, bambo."

"Mumatani?"

"Ndimajambula."

Anagwedeza mutu. Sananditukwane. Anangoti lamulo lina likhale la ojambula, chifukwa anyamatawa akaona foni yakwezedwa, nzeru zimathawa. Aliyense amafuna kuoneka pa TikTok ndi pa sitetasi ya WhatsApp. Ndinalibe choyankha. Ife a mafoni timadziona ngati oonerera chabe, koma pa mpikisano wopanda woimbira, wojambula ndiye amene amaimba wezulo.

Pa zonse ndinapempha, agwirizanapo ziwiri: cha chipewa ndi cha tsamba la ovulala. Zinazo akuti akambirana. Cha chipewacho ena akuchizemba kale, amachikoleka pachiwongolero akangokhota pakona. Amalume akuti nkacha nayo siinachoke tsiku limodzi.

Mng'ono wanga tsopano akuyenda, koma motsimphina, ndipo kukazizira mwendo umamuwawa. Ngongole yokonzetsera njinga ya bwana uja tikubweza pang'onopang'ono, ine ndi iye. Amayi sakufuna kumva za njinga, koma ntchito ina kulibe, ndipo tonse tikudziwa kuti abwererako. Pakali pano amathandiza mekaniki wina kusiteji, ndipo wasanduka katswiri wa ligi ya ku Poland. Lamulungu madzulo amandiimbira kuti ndimugawire bandulo aonere zidutswa za masewera. Amasapota Motor Lublin chifukwa cha Zmarzlik. Ine ndinasankha Unia Leszno, chifukwa ndi ya tauni yaing'ono.

Sabata yatha anandiuza kuti anyamata awiri atsopano anabwera kwa iye kuti awaphunzitse kukhota mumchenga.

"Ndiye unawauza chiyani?"

"Ndinati akabwere ndi zipewa kaye. Wina anati alibe, ndinamubwereka changa chija."

Kavidiyo kaja ndinamufunsa ngati ndikafufute. Anakana. Akuti akufuna azikawaonetsa anyamata atsopano, kuyambira poyamba mpaka pamene pamaoneka udzu ndi mapazi. Ndinamupempha kuti azichotsa mawu, poti amene akukuwayo ndine. Anati ayi, achimwene, mawuwo ndiye ofunika kwambiri.